Batire la Alendo

Amalume anga anali mtchona weniweni. Ananyamuka kwathu ku Dedza mayi anga akadali namwali, kupita kukakumba golide ku Joni, ndipo migodi itawalavula sanabwerere. Anakwatira mayi wachisutu wa ku KwaThema, anapeza nyumba ku Wattville, n'kukhazikika. Ine nditatopa ndi kugulitsa tomato pamsewu n'kuganiza zokayesa mwayi ku Joni, mayi anandiperekeza ku basi. Ndinkayembekeza kuti atchula bulangete kapena foni, monga amachitira makolo a anzanga. Iwo anangoti, "Ukampeze mlongo wanga. Ukamuuze kuti ndikufuna abwere akuyenda yekha, asabwere m'bokosi."

Ndinawapeza, koma ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Chifuwa chawo chinandilandira ndili pageti. Chinali chifuwa chakuya, chochokera pansi penipeni, ndipo chikawagwira ankagwira khoma n'kudikira kuti chidutse. Chitadutsa anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndinatenga mphuno ya agogo anga. Kenako anayatsa ndudu.

Pabwalo pa amalume panali ngati pa depoti. Mmalawi aliyense wotsika basi wopanda kolowera ankalozeredwa kumeneko, ndipo ankagona, kudya, mpaka atapeza pogwira. Mawu akuti ayi munalibe m'kamwa mwawo. Wilibala yawo inkazungulira Wattville yense, makwerero awo ndinawaona kamodzi kokha, ndipo suti yawo yakuda inalira maliro ambiri kuposa mwini wake. Akazi awo, amene ine ndinkawatcha aanti, ankadandaula kuti m'nyumba mwawo ngakhale masupuni ali ndi miyendo. Amalume ankangoyankha kuti kupatsa n'kuika, ndipo iwowo atafika ku Joni anagona pa bedi la munthu amene sankamudziwa n'komwe dzina.

Fodya anamuyamba ali kumigodi. Pansi panthaka sankaloledwa kulowa ndi ndudu kapena machesi, choncho munthu akatuluka ankabweza ngongole ya tsiku lonse, kuyatsa ina pa inzake. Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu, ndipo nesi sanazungulire. Anati mapapo awo anadzaza kale ndi fumbi la miyala, ndiye utsi wa ndudu ukungomaliza zotsala. Ndinafunsa ngati angathe ulendo wa basi wopita ku Malawi. Nesiyo anandiyang'ana, anayang'ana thumba la shati la amalume momwe munali paketi, n'kunena kuti zimenezo ndifunse paketiyo. Amalume anayesa kusiya. Anayesa masiwiti, chingamu, mapemphero a amayi a Lachinayi, koma sabata isanathe ndinkawapeza kuseri kwa chimbudzi akukupiza utsi ndi chipewa.

Amene anabweretsa vepu anali mwana wawo, msuweni wanga, wobadwira ku Joni, amene Chichewa chake chimayenda ndi ndodo. Kanali kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja, kokhala ndi kathanki ndi kampopi pamwamba. Umathiramo timadzi, ukadina batani timadzito timatentha n'kusanduka nthunzi yokoka. Ine ndinkakaona ngati chidole cha achinyamata a m'tauni amene amadutsa akununkhira mango. Titamufunsa nesi uja anati si mankhwala, ndipo mapapo ngati amenewa amafuna mpweya wokha basi, koma ngati kangawachotse pa ndudu ayese, n'kumachepetsa mpaka adzasiye zonse. Vuto linali lakuti kabokosiko kanabwera kopanda kanthu m'mimba. Kankafuna mabatire awiri, ndipo msuweni wangayo anali atachotsamo ake.

"Bwanji osawasiyira bambo ako mabatirewo?" ndinamufunsa.

"Aikona, mzala," anatero akuseka, akunditchula msuweni m'chinenero cha kumeneko. "Mabatire anga sabwerekedwa. Ngakhale taima akagule ake."

Ndinapsa mtima. Mwana kumana bambo ake omubereka, bambo odwala! Ndinamuuza kuti ndi chifukwa chake sindingamukwatire ngakhale atandipatsa tauni yonse ya Benoni, ndipo iye anati wapulumuka. Amalume okha sanakhumudwe. Anangoyang'ana mwana wawo ngati wanena chinthu chimene anachimvapo kale kwinakwake.

Loweruka tinakwera takisi kupita ku Benoni, ine ndi amalume. Ine ndinabadwira pamsika, ndiye maso anga anathamangira pa tebulo lina la m'mbali mwa msewu, pomwe mabatire anaunjikidwa pakati pa matchaja ndi zokwapulira udzudzu. Anali okongola, ofiira ndi agolide, ojambulidwa malawi a moto, ndipo pambali pake analembapo nambala yaikulu yosonyeza kuti samatha msanga. Wogulitsa analumbira kuti limodzi lokha likhoza kuyatsa nyumba. Ndinali nditayamba kale kunenerera mtengo pamene amalume anatola limodzi, n'kuliponya m'mwamba pang'ono, n'kuliwakha. Anati silikuwamveka m'dzanja, likupepuka ngati chitsononkho. Ndinawauza kuti zinthu za masiku ano zimapepuka, iwo n'kuti mwina, koma tikafunse kaye kwa eni ntchito.

Sitolo ya mavepu inali yaing'ono, yonunkhira ngati mophikira makeke. Munali mtsikana wachimwenye wa ku Actonville, wamng'ono moti akanatha kukhala mdzukulu wawo. Amalume anavula chipewa. Nditamufotokozera za mabatire agolide aja, anapukusa mutu. Anati nambala ikakula mopitirira muyeso ndiye kuti ndi bodza, chifukwa m'kachitini kakang'ono chonchi simungalowe mphamvu yoposa imene imalowamo. Ambiri oterewa, anatero, ndi mabatire akale ochotsedwa m'makompyuta akufa, ongovekedwa malaya atsopano. Anafotokozanso kuti alipo mabatire okhalitsa koma otulutsa mphamvu pang'onopang'ono, oyenera tochi, ndipo alipo otha kutulutsa mphamvu yambiri nthawi imodzi osatentha. Vepu imamwa mwaphuma, ndiye imafuna amtundu wachiwiriwo, ngakhale atamatha msangako. Amene anatitulutsira anali obiriwira mosasangalatsa, opanda chithunzi chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, anatero amalume chapansipansi, ndipo ndinadziwa kuti akunena ine.

Kenako mtsikanayo anatulutsa m'dirowa batire lakufa limene analisenda dala, kuti tione m'kati mwa malaya ake. Linali kachitsulo kosalala basi. Anati thupi lonseli ndi mbali imodzi ya magetsi, kamutu kapamwambaka ndi mbali inayo, ndipo chimene chimaletsa mbali ziwirizi kukumana ndi kapulasitiki kokutira kaja ndi kamphete kakang'ono ka pakhosi. Kapulasitikiko ndinakagwira, ndipo kanali kopyapyala ngati khoko la anyezi. Chitsulo chilichonse chikalumikiza mutu ndi thupi, kaya ndi kiyi kaya ndi khobidi, mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti moto umakhala m'nkhuni, m'makala, m'palafini, zinthu zimene umaziona n'kuziopa. Apa moto unali utagona phee m'kanthu kotalika ngati chala changa, kozizira, kopanda fungo, ndipo anthu ankayenda nako mumsewu akuseka.

Chomaliza anatenga cholembera n'kuika chizindikiro chimodzimodzi pa mabatire awiri aja. Anati kuyambira lero awiriwa ndi banja. Azitchajidwa limodzi, azigwira ntchito limodzi, azikalamba limodzi. Limodzi likapita kukagwira ntchito kwina limabwerako lotopa mosiyana ndi linzake, ndiye mukawabwezera m'kabokosi lamphamvu limakankha lofooka mpaka lofookalo litatentha.

"Ndiye kuti osabwereketsa," anatero amalume.

"Osabwereketsa, atate. Ngakhale kwa m'bale wanu."

Kenako amalume anayamba kulankhula, koma sankalankhula ndi ine. Anamuuza mtsikanayo za nyumba ya nyale kumgodi. Mwamuna aliyense anali ndi nyale yake ya pachipewa ndi batire lake lomanga m'chiuno, lolemera ngati njerwa. Usanatsike unkaliyesa wekha, ndipo potuluka unkalibwezera pamalo pake kuti limwe magetsi. Anthu ankabwerekana nsapato, sopo, ngakhale mkate woluma kale, koma nyale ayi. Anati tsiku lina yawo inazima ali okha kumapeto kwa njira, ndipo mdima wa kumeneko si wa usiku wa kunja kuno. Umakhala ndi thupi, umakutsamira pankhope, ndipo sudziwa ngati maso ako ali otsegula. Anakhala pansi osasuntha mpaka kuwala kwa mnzawo kutatulukira patali. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo, ngakhale aanti sankaidziwa. Atamaliza ananyamula batire lobiriwira lija pakati pa zala ziwiri, n'kuliyang'anitsitsa. "Njerwa yonse ija yalowa muno," anatero. "Anthu ali ndi mitu, muphwa wanga." Mtsikanayo anatipatsa tchaja ya mabatirewo, tinalipira, n'kubwerera ku Wattville.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde panayamba mwambo watsopano. M'mawa uliwonse amalume ankatulutsa mabatire aja, kuwapukuta ndi mpango, n'kuwatembenuza padzuwa kuona ngati malaya awo sanang'ambike. Potchaja ankaika tchaja pa simenti, kutali ndi nsalu, n'kukhala pambali pake mpaka timagetsi titasanduka tobiriwira. Munthu akayandikira ndi ndowa ya madzi ankamva "Pasopa!" ya kumigodi. Ine ndinkawaseka kuti apeza mapasa paukalamba. Timadzi anasankha ta fungo la fodya, ati mango ndi a ana. Paketi ya ndudu anaitaya, kupatula ndudu imodzi imene anaisunga m'kachikwama ka magalasi awo, ati mdani umafunika uzidziwa pomwe wagona.

Ndipo chifuwa chija chinayamba kumasuka. Sichinathe, fumbi la miyala silituluka, koma chinasiya kuwagwetsera pakhoma. Kale popita kutchalitchi ankaima pa sipaza, kagolosale ka pakona, ngati akuwerenga mitengo ya zinthu, pomwe akupezera mpweya. Lamulungu lina tinadutsa pa sipazapo osaima, ndipo ndinazindikira tili kale pachipata cha tchalitchi. Ndinasangalala mpaka ndinaimba molakwitsa nyimbo yoyamba. Madzulo ake ndinaimbira mayi foni kuwauza kuti akonze denga la kanyumba ka alendo, chifukwa pa Khirisimasi tikubwera.

Patatsala milungu yochepa kuti tinyamuke, kunabwera bambo wina wa kwathu, wa mudzi wa tsidya la mtsinje. Anali atangofika kumene ku Joni ndipo ankagona m'kachisakasa ka malata kudera lotchedwa Ramaphosa. Analowa pageti masana a Lamulungu, ananjuta, anapereka moni wonse, n'kufotokoza vuto lake. Anali atapeza ntchito ya ulonda pabwalo lina losungira zitsulo, ndipo ankayamba tsiku lomwelo. Anamupatsa tochi ya pantchito, koma batire lake linali lakufa, ndipo bwana anamuuza kuti asamuvutitse, akabwere ndi tochi yowala kapena asabwere. Anthu anamuuza kuti madala a ku Wattville ali ndi mabatire a mtundu womwewo. Amalume anayesa batire lakufalo pa tchaja yawo, koma silinaphethire n'komwe. Masitolo anali atatseka.

Sindinaonepo munthu akulimbana ndi mtima wake poyera ngati tsiku limenelo. Amalume anayang'ana kabokosi kawo, anayang'ana nsapato za bamboyo zomangidwa ndi waya, anayang'ananso kabokosi.

"Amalume," ndinatero, "paja mtsikana uja anati..."

"Ndikudziwa zimene anati."

"Komanso inuyo mukoka chiyani lero?"

Amalume anatsegula kabokosi, anachotsa batire limodzi, analilowetsa okha m'tochi n'kuiyatsa. "Likhale momwemu, achimwene," anamuuza bamboyo. "Mawa mubwere nalo lili m'tochi. Osaliika m'thumba, mwamva?" Bamboyo anavomera zonse akuwomba m'manja. Lamulo amalume ankalidziwa kuposa tonsefe, koma kumana munthu wa kwawo wonjuta pabwalo pawo sanaphunzirepo. Tsiku lonselo anatafuna timitengo ta machesi mpaka bokosi linatsala la mitu yokhayokha.

Tsiku lotsatira masana bamboyo anabweradi, wansangala, ntchito itamuyendera. Koma tochi inali ya pantchito, ndipo bwana anaitsekera mu ofesi. Iye, pofuna kusunga lonjezo lobweza, anachotsa batire n'kuliponya m'thumba la jekete, momwe munali makiyi a geti ndi makobidi otsala pa takisi. Ife sitinadziwe zimenezi. Kunkatentha, ndiye atafika anavula jeketeyo n'kuiponya pampando wa pulasitiki pafupi ndi khonde. Ndipo kwathu subweza chinthu usanamalize moni, zimaoneka ngati wabwera kudzataya katundu. Choncho anakhala pansi. Anafunsa za thupi la amalume, za aanti, za ana, amalume nawo anafunsa za ulonda, za ku Ramaphosa, za mvula kumudzi ngati yayamba. Ine ndinali pampopi ndikutsuka mbale.

Woyamba kumva anali amalume. Anadula mawu pakati, n'kupendeketsa mutu. Kenako nanenso ndinamva kamluzu kakang'ono ngati ka ketulo, ndi fungo lachilendo, lotsekemera koma loluma pakhosi. Jekete ija inagwedezeka yokha pampando. Ndiye m'thumba munatuluka lawi, osati lawi lathu lofiira lovinavina, koma loyera, lowongoka, lobangula ngati la owotcherera zitsulo. Zothetheka zinauluka mpaka pa chingwe cha zovala. Ine ndinapezeka ndili kuseri kwa thanki ya zinyalala, mbale ili m'manja, osadziwa kuti ndafikako bwanji. Bambo uja anagwa chagada. Aanti anatulukira pakhomo akukuwa dzina la Mulungu m'Chisutu.

Amalume okha sanathawe. Nkhalamba imene miyezi ingapo m'mbuyomo inkalephera kufika pakona inadzuka, inatenga fosholo imene inali itatsamira khoma, n'kutola jekete yoyakayo. Sanathamange. Anayenda nayo mofatsa, nkhope atatembenuzira kumbali, mpaka pa mulu wa mchenga umene aanti anasungira chipinda chatsopano. Anaiika pansi n'kuikwirira, fosholo imodzi pa inzake, ndipo pansi pa mchengapo chinthucho chinapitiriza kufwenthera ndi kuphulika pang'onopang'ono mpaka chinatopa. Ndinayang'ana amalume ataima mu utsi, fosholo m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona munthu amene ankatsika pansi panthaka tsiku ndi tsiku ine ndisanabadwe. Ndinachita mantha ndi kanthu kaja, koma ndinachitanso nawo mantha iwowo, mantha aulemu. Mpando unasungunuka mbali imodzi.

Kenako chifuwa chinawagwira. Utsi uja anali ataukoka, ndipo anagwada pamchenga pomwepo akutsokomola mpaka maso anafiira. Tinathamanga nawo kuchipatala, anawaika pa makina a mpweya, ndipo tinabwera nawo kunyumba ali ofooka ngati tsiku limene ndinawapeza. Bambo uja anali akadali pabwalo akulira, akunena kuti chikanaphulika ali m'takisi kapena jekete ili m'thupi bwenzi tikunena zina. Amalume anamuuza ndi mawu osasa kuti wolakwa si iye, wolakwa ndi amene anamupatsa moto wopanda chivindikiro. Atatero anandituma kukatenga jekete yawo ina kuti bamboyo asapite kuntchito wopanda chofunda. Aanti anaponya manja m'mwamba. Anatenga kabokosi ka vepu, tchaja ndi batire lotsala lija, anaziika m'chitini cha penti, n'kukachisiya kumapeto kwa mpanda. Anati chinthu chimenechi sichidzalowanso m'nyumba mwawo iwo ali moyo, ndipo sindikanawatsutsa.

Masiku otsatira anali oipa. Amalume sankagona bwino, sankadya bwino, ankakalipira wailesi. Ndinkaona zala zawo zikufufuza thumba la shati momwe munkakhala paketi. Tsiku lina masana ndikuchokera kuntchito ndinawapeza atakhala pakhonde, patebulo pali kachikwama ka magalasi kotsegula. Ndudu ija inali itagona pambali pake, ndi bokosi la machesi latsopano. Mtima wanga unagwa, kenako unabwerera uli moto. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi mwini mbumba.

"Yatsani," ndinatero. "Yatsani, ine ndiimbe foni ku Dedza ndiwauze mayi asiye denga lija, ayambe kufunsa mtengo wa galimoto yonyamula maliro. Iwo akudikira munthu, inu mukufuna muwatumizire katundu!"

"Sindinayatse," anayankha osandiyang'ana.

"Nanga machesiwo ndi otokosera m'mano?"

"Ndati sindinayatse, muphwa. Ndikungoiyang'ana. Nayonso ikundiyang'ana."

Aanti anali ataima pakhomo, akumva zonse. Anayang'ana nduduyo nthawi yaitali. Mayi ameneyu anali atakhala ndi chifuwa cha mwamuna wake zaka zambiri, akuchimva usiku uliwonse pambali pake, ndipo anali atamvanso bata la miyezi yapitayo. Analowa m'nyumba, ndipo ndinaganiza kuti akukalira. Anatuluka atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, chikwama chili m'khwapa. "Ntate, valani nsapato," anatero. "Ndikufuna ndikamuone ndekha mwana amene amagulitsa mabomba ameneyu."

Tinapita tonse atatu, chitini cha penti chili m'manja mwanga, ndipo aanti ananyamula zotsala za batire lopsa lija m'botolo la jamu. Analiika pa kauntala ngati umboni wa kukhoti. Mtsikana uja sanadziteteze. Anamvetsera nkhani yonse atagwira pakamwa, kenako anawaonetsa aanti batire losenda lija, thupi ndi mutu, ndi mmene kiyi imalumikizira ziwirizo. Aanti anafunsa mafunso mpaka makasitomala ena anatopa n'kutuluka. Pomaliza mtsikanayo anatulutsa timabokosi tapulasitiki tosungiramo mabatire, n'kunena kuti batire likakhala kunja kwa vepu kapena tchaja, nyumba yake ndi imeneyi, kwina kulikonse ayi. Anapepesa kuti sanatipatse tsiku loyamba lija. Aanti anatsegula ndi kutseka kabokosi kamodzi kangapo, n'kulamula banja latsopano la mabatire, ndi kunena kuti kuyambira tsopano woyang'anira malaya awo m'mawa ndi iwowo.

Amalume anatulutsa m'chitini batire lotsala lija n'kufunsa ngati lilinso ndi ntchito. Mtsikanayo analiyang'ana mbali zonse, n'kunena kuti ndi labwinobwino, kungoti silingalowenso m'banja, koma m'tochi likhoza kugwira ntchito zaka.

"Ndiye mundipatse kabokosi kena, ka limodzi," anatero amalume. "Ili likhala la alendo."

"La chiyani?" anafunsa aanti.

"La alendo. Anthu sasiya kubwera, amayi. Ndipo ine sindingayambe kukana lero."

Aanti anaseka mpaka anagwira kauntala, ndipo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Batire la alendo linapeza malo pawindo la pakhonde, m'kabokosi kake. Linkatuluka ndi alonda, ndi amayi a pamaliro magetsi akazima, ndi aliyense wokhala ndi tochi yakufa, koma silinkatuluka lopanda kabokosi, ndipo wobwereka ankayamba waonetsedwa mpando wosungunuka uja. Ndudu inabwerera m'kachikwama ka magalasi. Mphamvu za amalume zinabwerera pang'onopang'ono, mochedwa kuposa poyamba, ndipo mpaka sabata yomaliza sindinkadziwa ngati nesi atilola. Anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti tinyamule mankhwala onse ndipo tikhale pafupi ndi windo.

Ulendo unali wautali, ndipo pa malire aliwonse ndinkawayang'ana milomo ngati yasintha mtundu. Iwo ankayang'ana kunja, dzanja lili pa thumba la pachifuwa pomwe panali timabokosi tawo. Basi inatitsitsa pamsewu waukulu m'mawa, ndipo kuchokera pamenepo njira ya kumudzi kwathu imakwera chitunda. Anyamata a njinga zamoto anatizungulira, koma amalume anati akweze katundu yekha. Anayenda. Ankaima, kupuma, kufunsa kuti mtengo wakutiwakuti unapita kuti, n'kuyambanso. Ine ndinkabwera pambuyo pawo.

Mayi anali atakhala pamkeka pakhonde, ndipo sanadzuke. Anayang'ana nkhalamba ikulowa pabwalo ndi miyendo yake, ikupuma movutikira, mpaka inafika n'kukhala pansi patsogolo pawo. Moni unayenda wonse, mwadongosolo, ngati anasiyana dzulo. Utatha mayi anayang'ana manja a mlongo wawo, n'kuyang'ana kumbuyo kwawo ngati akufuna galimoto ya katundu.

"Nanga achimwene, zaka zonsezi ku Joni, mwanditengerako chiyani?"

Amalume anapisa m'jekete, anatulutsa kachikwama ka magalasi, n'kuika ndudu ija m'dzanja la mayi. Inali itapindika, pepala lake litachita chikasu.

"Ndudu imodzi?" anatero mayi.

"Imodzi, achemwali. Ndabwera nayo yosasuta."

Mayi anaitembenuza, anandiyang'ana ine, ndipo ndinagwedeza mutu. Sanafunsenso. Iwo ndi a fodya wa mphuno kuyambira kalekale, choncho anang'amba pepalalo, anafikisa fodyayo m'chikhatho ndi chala chachikulu mpaka anasalala, anatapa n'kununkhiza. Anayetsemula kawiri. Misozi inatsika mpaka pachibwano, ndipo sanaipukute. Anagwira dzanja la mlongo wawo osalisiya, n'kunena kuti fodya wa ku Joni ndi woipa, amaluma m'maso. Tonse tinavomera kuti ndi fodyayo.